Nkhasi M'bafa, Mwana Kumsana

3 Seputembala

Alamu,

Mwana akanafera m'dziwe lanu lija dzulo. Ndayamba ndi zimenezi, moni ndikupatsani kumapeto.

Ndimachapa matewera pampope wa kukhitchini. Kapolisi anali pakhonde, ndinamupatsa foni yanga kuti asiye kulira. Nditangotembenuka kuti ndiyanike, ndinamva kuti chubwi. Kuthamangira kuseri, ndampeza wagona chafufumimba pa miyala ya m'mphepete ija, mutu ndi mapewa zili pamwamba pa madzi, akutambasula dzanja kuti atenge foni imene waponyamo. Ndinamugwira mwendo n'kumukoka. Malaya onse kutsogolo ananyowa. Iyeyo kumangoseka, akuloza nsomba yofiira yaikulu ija, yomwe inabwera kudzaona ngati foniyo ndi yodya.

Alamu, pamene munkatisiyira nyumba kuti tizikusungirani, mwanayu anali wakumsana. Tsopano akuyenda, ndipo dzina munamupatsa lija lamugwira, palibe pamene safufuza. Wadziwa kukoka mpando n'kutsegula chitseko cha kuseri. Ndinayesa dziwelo ndi mtengo wa mopu, pakati paja ine limandifika m'chiuno. Nanga iyeyo angatani?

Ndikudziwa kuti dziwelo anakumba ndi malemu amuna anu ndi manja awo. Sindikufuna kukupwetekani mtima, ndipo ife ndi ongosungidwa pano. Koma ndikupempha mundilole tichotsemo madzi, kapena tikwirire, kapena inuyo mundiuze chochita. Achimwene anu ali pa ulendo ndi lole ya kuntchito, anati abwera kumapeto kwa mwezi. Foni ndinaivuula koma yafa, ndipo manambala onse anali momwemo, wanu, wawo, wa achemwali anga, ndiye palibe amene ndingamuimbire. N'chifukwa chake ndalemba kalata. Mukhululuke zolemba zanga, ine sukulu sindinapite nayo patali.

Muli bwanji kunjako? Ntchito ya kuchipatala ikuyenda? Ife kupatula zimenezi tili bwino. Nsomba zonse zili moyo, nkhasi ziwiri zija nazonso, akamba anu a m'madzi aja.

Mundiyankhe msanga.

Ndine mlamu wanu,
Amake Kapolisi


5 Seputembala

Mlamu wanga wokondedwa,

Moni wochokera kuno kozizira. Muli bwanji ndi Kapolisi wanga? Wamanga anthu angati mwezi uno? Ndakhala ndikuimba foni yanu koma sikulowa, ya mchimwene wangayo ndiye musanene, munthu amene uja amayankha foni ngati akulipira msonkho. Ndangoti ndilembe monga kale. Ndiuzeni nkhani za kumeneko, ine kuno ndimangoona odwala ndi makoma.

Chimene chandilembetsa ndi kutentha. Ndikudziwa kuti kumeneko dzuwa layamba kuswa, ndipo nyengo imeneyi madzi a m'dziwe amaphwera msanga. Chonde muziwonjezera ndi paipi m'mawa uliwonse, afike mpaka pa miyala ya m'mphepete, adzaze bwinobwino. Madzi akachepa amatentha, nsomba zimayamba kuyasamula pamwamba. Kapampu kaja kasamazimitsidwe. Chakudya cha m'chitini muzithira kadzanja kamodzi basi, Adona asakupusitseni. Adona ndi yofiira yaikulu ija, malemu anaitcha choncho chifukwa imasambira ngati yavala nsapato zazitali. Imadya zake n'kudya za anzake, kenako n'kukuyang'anani ngati yagona ndi njala.

Nkhasi zija zikatuluka kukawothera dzuwa musazibweze, zimadziwa njira. Akakombo musazule, ndi mthunzi wa nsomba.

Mwina muziti mayi ameneyu wachita misala, kulembera nsomba kalata. Koma mlamu, pa zonse zimene malemu anandisiyira, chimene chikupumabe ndi dziwe lokhalo. Ndikamagwira ntchito kuno ndimaliona m'maso. Aliyense asalikhudze, ngakhale mchimwene wangayo ndi nzeru zake za pamsewu, lizikhala mmene ndinalisiyira.

Kapolisi muzipita naye kumeneko madzulo akaone nsomba. Ana amazikonda.

Ndine,
Mlamu wanu wa kunja


19 Seputembala

Achemwali,

Ndili pamavuto, mundithandize nzeru. Muli bwanji ndi alamu ndi ana? Makina osokera aja anakonzedwa?

Kuseri kwa nyumba imene tikusungayi kuli dziwe la simenti la nsomba ndi nkhasi. Kapolisi anatsala pang'ono kugweramo, ndinachita kumukoka mwendo. Ndinalembera alamu eni nyumba kuwapempha kuti tichotsemo madzi. Yankho labwera. Achemwali, akuti ndiziwonjezera madzi mpaka adzaze. Akuti aliyense asalikhudze. Akutinso mwanayo ndizipita naye komweko akaone nsomba. Za kugwa kwake sanatchule ngakhale liwu limodzi, akuchita ngati kalata yanga sanaione. Koma bambo wa ku positi anandiuza yekha kuti makalata a kunja sachedwa. Ndiye ndaona kuti aiona, koma safuna kundikanira poyera, akuti ndimve ndekha. Ndawerenga kalata yawo kambirimbiri mpaka pepala lafewa.

Ndayesa zanga. Ndinatchinga ndi mipando ya pakhonde, iye anadutsa pansi. Ndinaimika malata akale awiri, mphepo inagwetsa, limodzi likanamudula phazi. Chitseko cha kuseri ndimakhoma, koma pochapira ndi poyanikira ndi komweko. Choipa kwambiri ndi nkhasi yaikazi. Imatuluka n'kumayenda pa kapinga mpaka pakhonde, ndiye mwana akaiona amaitsata pambuyo, iyo kutsogolo iye kumbuyo, liwiro lawo ndi limodzi, mpaka kumadzi. Amaitcha galu.

Tsopano ndimangomubereka tsiku lonse. Kuphika ali kumsana, kukolopa ali kumsana, ngakhale kuchimbudzi. Mwanayu walemera, msana wanga watha, ndipo iye amalira, kundimenya zibakera m'khosi kuti atsike. Dzulo ndinamumangirira nsalu m'chiuno ku mwendo wa tebulo kuti ndisambe. Nditatuluka n'kumuona atamangidwa ngati mbuzi, ndinakhala pansi n'kulira naye limodzi.

Bambo ake sanabwere. Kuno sindidziwana ndi anthu, mipanda yake ndi yaitali. Oyandikana nawo ndi aphunzitsi opuma pantchito, agalu awo ndi oopsa, timangopatsana moni pachipata.

Kodi simungabwere ngakhale sabata imodzi, wina aziyang'ana mwana wina azigwira ntchito? Kapena ndingonyamuka ndibwere kumeneko? Koma ndikasiya nyumba ya eni, nsomba n'kufa, bambo ake a Kapolisi adzayang'anana bwanji ndi achemwali awo?

Ndine mng'ono wanu


27 Seputembala

Iwe mng'ono wanga,

Moni. Kuno tili bwino, makina anakonzedwa, alamu ako akudwala ulesi womwe uja. Kalata yako ndawerenga nditaimirira, nditamaliza ndinapeza ndakhala pa malaya a kasitomala.

Kubwera sindingathe pakali pano. Ndalandira mayunifolomu a sukulu yonse, ndikachoka andidya wamoyo. Iwenso usabwere. Ukasiya nyumbayo udzakhala wolakwa ndiwe, ndipo banja lako lidzalowa mphepo chifukwa cha nsomba.

Alamu akowo eni nyumba ndawamva. Anthu amene sanaberekepo mwana kumsana amaganiza kuti mwana ndi duwa, ukaliika pawindo limakhala pomwepo. Koma usakangane nawo. Munthu amene wakupatsa denga sumuloza chala, umangomuzungulira.

Tamvera. Iwo akufuna nsomba zawo zamoyo. Iwe ukufuna mwana wako wamoyo. Nanga chovuta n'chiyani? Unandiuza kuti m'nyumbamo muli bafa lalikulu logonamo ngati bwato. Tunga madzi a m'dziwe momwemo udzaze bafalo, gwira nsomba zonse ndi akamba akowo uike mmenemo, chitseko ukhome, kiyi umange pa nsalu. Dziwelo ukhuthule liume. Tsiku limene adzanene kuti akubwera, udzathiremo madzi n'kubwezeramo ziweto zawo. Madzi ndi madzi, nsomba sidziwa adiresi. Inu muzisambira m'beseni ngati mmene tinakulira, sitinafe.

Ndipo mwanayo usamumangenso ku tebulo. Akadzakula adzakuuza pamaso pa apongozi.

Undilembere zikatheka. Bambo ake akabwera uwauze kuti lole si mkazi.

Achemwali ako


8 Okutobala

Alamu,

Adona afa, ndipo ndachititsa ndine. Ndikuuzani zonse mmene zinayendera, mukatero muweruze.

Kalata yanu ndinalandira, munati ndidzaze madzi ndipo dziwe lisakhudzidwe. Ndinayesa kumvera. Koma mwana sindikanatha kumubereka mpaka mudzabwere. Ndiye ndinaganiza zosamutsira nsomba ndi nkhasi m'bafa la m'nyumba kuti zikhale zamoyo, dziwe likhale louma. Sindinakupempheni, chifukwa ndinaona kuti mwakana kale.

Ndinatunga ndi ndowa, Kapolisi ali kumsana. Madzi oyamba ndinadzaza nawo bafa, otsala ndinathirira kapinga ndi maluwa anu mpaka anakhuta. Zinanditengera masiku. Kapampu ndinazimitsa n'kukasunga m'kabati. Madzi atafika m'mawondo ndinalowamo ndi neti ya udzudzu yakale ndi sefa ya kukhitchini. Nsomba zing'onozing'ono sizinavute. Adona anandivutitsa, anandimenya ndi mchira kumaso, koma ndinawanyamula bwinobwino ngati khanda. Nkhasi ndinazigwira ndi thaulo chifukwa zimaluma. Ndinaikamo ndi njerwa ziwiri kuti zizikwerapo. Zonse zinali kusambira, ndinathira chakudya, zinadya. Ndinakhoma chitseko. Tsiku limenelo mwana ndinamutsitsa, anathamanga bwalo lonse, ine ndinakhala pakhonde miyendo ili tambalale koyamba m'mwezi wathunthu.

M'mawa kutsegula kubafa, madzi afiira. Adona atsala mutu ndi minga. Zing'onozing'ono zina zilibe michira. Nkhasi zili phee pa njerwa, maso ali psuu, yaimuna ikadali ndi kachipsepse pakamwa.

Alamu, ine sindinkadziwa. Zaka zonsezi zakhala limodzi m'dziwe osadyana, ndinkaziyesa pachibale. Pambuyo pake ndi pamene ndazindikira kuti m'dziwe nsomba zinali ndi kothawira, pansi pa akakombo ndi m'miyala, koma m'bafa ndinachita kuziperekera m'mbale.

Zotsala ndaziika m'diramu la pulasitiki kuchipinda chosungira katundu, ndavundikira ndi neti, chitseko n'chokhoma. Zili moyo koma sizikusangalala. Nkhasi zatsala zokha m'bafa.

Achimwene anu sanafikebe. Mnzawo wa kuntchito anadutsa kudzandiuza kuti lole inawonongekera kutali, akudikira chitsulo chake. Sakudziwa chilichonse cha zimenezi, musawakalipire iwo.

Katundu wathu ndalongedza, ali m'zikwama pakhomo la kuchipinda. Ngati mukuti tichoke, ndikupempha mutilole tidikire bambo ake afike. Madzi okha sindibwezeramo, alamu. Mundikhululukire, koma sindibwezeramo.

Mutu wa Adona ndakwirira pansi pa mtengo wa mandimu.

Ndine,
Amake Kapolisi


16 Okutobala

Mlamu wanga, mwana wanga,

Kalata yako ya pa 3 Seputembala yandipeza lero. Lero. Inapita ku nyumba za anamwino kumene ndinkakhala poyamba, ndipo inagona m'bokosi mpaka mnzanga wina anaiona. Ndawerenga nditavala yunifolomu, ndinakhala pa masitepe.

Chotsa madzi amenewo. Usadikire mchimwene wanga, usadikire ine. Ndikakumbukira zimene ndinakulembera, zoti udzaze mpaka m'mphepete, zoti uzipita naye mwana komweko, ndikudziimba mlandu. Ndinalemba ndisakudziwa kanthu. Kaya unandiyesa munthu wotani.

Ine ndine namwino. Ana otere ndawalandirapo m'manja mwangamu, atawakulunga m'thaulo lonyowa, ndipo mayi aliyense amanena mawu amodzimodzi, akuti ndinangotembenuka. Sipafunika madzi ofika m'chiuno. Ochepa ngati a m'beseni amakwana, mwana akagwa chafufumimba satha kudzuka, ndipo salira, sumva kanthu. Ine ndinkadziwa zimenezi kuchipatala, koma kunyumba kwanga sindinaziganizire. Ife Mulungu sanatipatse mwana, ndiye malemu pokumba ankaganiza za nsomba zokha, inenso pokusiyirani makiyi ndinkaona khanda la kumsana, kuiwala kuti makanda amamera miyendo.

Likauma mulikwirire ndi mchenga mpaka lifanane ndi kapinga. Nsomba upereke kwa aphunzitsi oyandikana nafe. Ali ndi dziwe lawo lotchinga ndi mawaya, anakumba nthawi imodzi ndi malemu, ankapikisana ngati ana. Agalu awo usawaope, ndi pakamwa pokha. Chimodzi chokha usamale: posamutsa, nkhasi usaziike pamodzi ndi nsomba pamalo opanikiza, zimadya.

17 Okutobala

Ndisanatumize, yachiwiri yafika, imeneyi unalemba adiresi yatsopano ya pa kalata yanga ija. Ndiye chenjezo langalo lafika maliro atatha.

Ndalira, sindikunamiza. Nsomba ija malemu anaigula ili ngati chala, anabwera nayo m'kajumbo atanyamula ngati dzira. Ndalira pang'ono, kenako ndafika pamene walemba kuti unkaziyesa pachibale, ndaseka mpaka mnzanga wa chipinda china anagogoda kufunsa ngati ndili bwino. Adona anadya za anzawo moyo wawo wonse, tsiku lawo linafika.

Tamvera bwino. Zikwama zimenezo umasule lero lomwe. Amene angachoke m'nyumba imeneyo ndi nkhasi, osati iwe. Ndipo pamene walemba kuti madzi subwezeramo, ndawerenga kawiri. Ukanandimvera ine, mwina bwenzi ndikubwera kumaliro. Malemu akanakhalapo akanatenga fosholo okha, ankamufuna mwana kuposa mmene ndingakuuzire.

Kalatayi sindiponya ku positi. Pali mnzanga akukwera ndege mawa, akupatsa pamanja. Ndamupatsiranso foni ina, iyi Kapolisi asaione.

Umupsompsone m'malo mwanga, wapolisi wosamanga mbala, womanga amake.

Mlamu wako


25 Okutobala

Bambo ake a Kapolisi,

Mnzanu uja wandiuza kuti lole yakonzedwa ndipo mwafika ku depoti, akuti mukudikira kutsitsa katundu. Ndamupatsa kalatayi kuti akupatseni pamanja, chifukwa nambala yanu inapita ndi foni yakale. Muli bwanji? Mwaonda? Ife tili bwino, ndipo ndikati bwino ndikunena zoona.

Nkhani ndi yaitali, ndidzakuuzani mutakhala pansi. Mwachidule, mwana wanu akanagwera m'dziwe la achemwali anu, ine ndinachotsamo madzi, nkhasi zinadya nsomba yaikulu ija, ndipo ndinalongedza katundu poganiza kuti atithamangitsa. Sanatithamangitse. Alemba okha kuti tikwirire. Dzulo ndalankhula nawo pa foni imene atumiza, tinayamba ndi kulira tonse awiri, mpaka iwo anati tisiye, tingadzaze dziwe lina. Ine ndinkawaopa mayi aja pachabe. Katundu ndamasula, makatani ndapachikanso.

Nsomba zotsala zapita kwa aphunzitsi. Ndinagogoda pachipata, agalu aja anangondinunkhiza n'kukagona. Aphunzitsiwo anabwera ndi wilibala ndi ndowa, anandikalipira kuti mwezi wonse ndikuvutika bwanji osawauza, kodi mpanda ndi malire a dziko? Akazi awo akhala akumutenga Kapolisi m'mawa kuti ine ndichape. Nkhasi zokha akana. Akuti zigawenga zimenezo kwawo ayi, zipite kumtsinje, kutali ndi msewu. Ndiye zikadali m'bafa, zikudya masamba a kabichi ndi kundiyang'ana. Ife tikusambira m'beseni. Inunso mukabwera ndi fumbi lanulo musathamangire kubafa, mungatuluke zala zosakwana.

Mwana wanenepa, akuthamanga, wayamba kunena kuti amama. Msana wanga wapola.

Koma chatsala chimodzi, ndipo ndi chimene ndalembera. Dzana kunagwa mvula yoyamba. Sinali yambiri, koma dzenje lija ndi la simenti, silimwa madzi. M'mawa ndinapeza afika m'kakolo, ndipo Kapolisi anali atakokera kale mpando ku chitseko cha kuseri. Achemwali anu akuti madzi ochepa ngati a m'beseni amakwana. Ndinakapa ndi ndowa, otsala ndinapukuta ndi chiguduli mpaka pansi panauma. Aphunzitsi anathiramo mawilibala angapo a dothi la m'munda mwawo, koma ndi munthu wamkulu, ndipo dzenjelo likungomeza. Pakufunika lole.

Lero mitambo yadanso kumadzulo, nyerere zikusamutsa mazira pakhonde. Mwana ndamuberekanso.

Mupemphe abwana anu lole ya tsiku limodzi, muwauze kuti ndi za moyo wa mwana, nawonso ndi kholo. Mubwere ndi mchenga wodzaza, pobwerera mutenge nkhasi. Musadutsire kwa anzanu, musayambe mwakagona kuti mwatopa, mudzagona kuno. Mafosholo awiri ndabwereka kale, imodzi yanu ina yanga. Chipata mupeza chotsegula, lole ilowe chammbuyo mpaka kuseri.

Bwerani lero, mvula isanatipeze.

Ndine,
Amake Kapolisi